Woseka pamaliro akhale atagwirako khasu



Lero ndilankhula za kuseka. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakonzeka kale kunena kuti mkuluyu ukalamba wamulanda macheza. Lezani mtima, muwerenge mpaka pamapeto, kenako mundiyankhe m'munsimu.

Pali chizolowezi chimene chamera mizu pakati pathu. Basi ikagubuduzika, madzi akasefukira, munthu wodziwika akamwalira, maola awiri asanathe zithunzi zoseketsa zimakhala zitafika kale pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ngakhale m'magulu a kwaya ndi a achinyamata a mpingo. Wina akadandaula, yankho limakhala lomwelo: ndi zocheza chabe, inu simumva nthabwala. Yankho limeneli ndi lakale kwambiri. Miyambo 26:18-19 imafanizira munthu wopweteka mnzake n'kumati amangosewera ndi wamisala amene akuponya mivi ndi nkhuni zoyaka moto. Muvi sufunsa ngati wouponya anali kumwetulira.

Musandimve molakwa. Mulungu sadana ndi kuseka, ndipo Baibulo lili ndi nthabwala zoluma. Paphiri la Karimeli, Eliya adanyodola aneneri a Baala kuti akweze mawu, pakuti mwina mulungu wawo wagona kapena ali paulendo. Yesaya 44 amaseka munthu amene atenga mtengo umodzi, mbali ina aphikira chakudya, mbali ina asema fano n'kuligwadira. Ambuye Yesu mwini adajambula munthu wofuna kuchotsa kachitsotso m'diso la mnzake, m'diso lake muli chimtengo. Tayang'anani bwino amene akusekedwa m'nkhani zimenezi: aneneri odya patebulo la mfumukazi Yezebeli, wopembedza chabodza, ndi wachinyengo wodziyesa wolungama. Palibe mwa iwo amene ali wamasiye kapena wolumala.

Makolo athu nawonso ankadziwa kuseka pafupi ndi imfa. Pamaliro a kumudzi, adzukulu amaserewula. Amatha kunena mawu amene munthu wina atawanena angaitanidwe kubwalo la mfumu. N'chifukwa chiyani anamfedwa sakwiya nawo? Chifukwa adzukuluwo ndi amene adadzuka mbandakucha kukakumba manda, ndi amene anyamula bokosi, ndi amene akwirire. Ufulu wawo woseka adaugula ndi thukuta, ndipo nthabwala zawo zimapepuza mtima wa ofedwa. Chimodzimodzinso chisuweni: msuweni wako amakunyodola lero, iwe mawa umamubwezera, ndipo nonse mumadyera mbale imodzi.

Malire ali pamenepo. Nkhani ikhoza kukhala yowawa, ya imfa, ya matenda, ya umphawi, n'kusekedwa popanda tchimo, ngati wosekayo akusenza nawo katunduyo ndipo wosekedwayo angathe kuseka nawo n'kuyankha. Koma iwe amene wakhala pakhonde ndi foni m'manja, sudapite kukapepesa, sudapereke ngakhale ufa wapamaliro, dzina la womwalirayo walimva lero lomwe, ufulu wa adzukulu waupeza kuti?

Ndipereke chitsanzo chimodzi chimene dziko lathu lidachilipira ndi magazi. Kwa zaka zambiri anthu achialubino akhala akuitanidwa mayina m'misewu. Mwana akudutsa pamsika, anyamata n'kumakuwa kuti ndalama zikuyenda, makobiri awo, ndipo anthu n'kumaseka. Mukadawafunsa akadati ndi zocheza. Komatu kuyambira chakumapeto kwa 2014 tidayamba kumva za ana obedwa usiku, za matupi opezeka opanda manja ndi miyendo, za manda ofukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa a munthu wachialubino amalemeretsa. Mu 2016 katswiri wa United Nations, Ikponwosa Ero, atayendera dziko lino adachenjeza kuti anthu amenewa ali pachiopsezo chotheratu. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wa ku Machinga, adaphedwa. Mu 2022 Bwalo Lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wogwira ntchito yachipatala ndi m'bale wake weniweni.

Sindikunena kuti aliyense amene adakuwa pamsika adagwira chikwanje. Ndikunena kuti wakuphayo adapeza munda wolimalima. Mudzi ukazolowera kumva munthu akutchedwa ndalama, n'kuseka, makutu ake amafa. Tsiku limene wina atenga mawuwo monga momwe alili, palibenso amene adzidzimuka. Chialubino si temberero ndiponso si chuma. Mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mayi onse awiri ali nacho m'magazi, ngakhale iwo akhale akuda bii. Mwanayo akulimbana kale ndi dzuwa limene lingamupatse khansa yapakhungu, akulimbana ndi maso osaona bwino zolembedwa pabolodi. Pamwamba pa zonsezi mumusenzetsenso nthabwala zanu? Levitiko 19:14 amaletsa kutemberera wogontha ndi kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wakhungu. Zindikirani kuti wogonthayo sangamve temberero, wakhunguyo sangaone amene waika mwala. Lamuloli lidalembedwera ndendende munthu amene amachita chipongwe podziwa kuti wochitidwayo sangabwezere.

Tsono wina ati: kodi mkulu wa mpingo akufuna kutitseka pakamwa? Ayi ndithu. Ine ndidagwira ntchito m'boma nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanaseke mu ofesi, ndipo mawu amodzi onena za Ngwazi ankatha kumuchotsa ntchito kapena kumugonetsa m'ndende. Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo asadzabwerenso. Sekani nduna yolonjeza mlatho pamene palibe mtsinje. Sekani mneneri wogulitsa madzi a m'botolo. Sekaninso ife akulu a mpingo tikamakanganirana mipando yakutsogolo. Izeki ndi Jakobo adatiseketsa kwa zaka zambiri potionetsa uchitsiru wathu womwe, ndipo tidatuluka m'maholo tili ochenjerako. Wamphamvu ali ndi pakamwa, ali ndi omuyankhira, ali ndi maloya. Sindikupempha apolisi kuti alowe m'mafoni mwanu. Ndikupempha chikumbumtima chanu, chimene chili ndi Woweruza wamkulu kuposa majisitireti.

Ife a chikhulupiriro chokonzedwa tilibe pobisala. Katekisma wa Heidelberg, wa 1563, pa funso 105, amaphunzitsa kuti lamulo loletsa kupha limaletsanso kunyoza ndi kuchepetsa mnzako m'maganizo, m'mawu ndi m'machitidwe a thupi. Miyambo 17:5 imati wonyoza waumphawi akunyoza Mlengi wake, ndipo wokondwera ndi tsoka la mnzake sadzapulumuka chilango. Kumbukirani Samisoni, atakolowoledwa maso, Afilisti adamuitana kuti awasangalatse paphwando. Kumbukirani asilikali a Pilato. Chisoti chaminga, chovala chachifumu ndi bango m'dzanja zinali nthabwala za asilikali, ndipo iwo ankaseka ndithu. Mkhristu aliyense asanatumize chithunzi chonyoza munthu wosweka, adzifunse kuti pabwalo lija akadaima mbali iti.

Choncho ndikupemphani zinthu zotheka. Musanatumize nthabwala kwa ena, ganizani kuti mayi ake a munthu wosekedwayo ali m'gulu lomwelo, pakuti nthawi zambiri alimodi, kapena uthengawo uwapeza dzuwa lisanalowe. Ngati simungainene pamaso pawo, ifafanizeni. Inu oyang'anira magulu a mpingo, chotsani zotere mosanyengerera, ngakhale wotumizayo akhale mwana wa abusa. Inu makolo, mwana wanu akatchula mnzake wachialubino, wachibwibwi kapena wakhunyu dzina lachipongwe, mudzudzuleni pomwepo, osadikira kuti mukafike kunyumba. Ndipo wina akakuuzani kuti nthabwala yanu yamupweteka, musamuphunzitse kuseka. Pepesani. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo tsiku limenelo mudzafuna anthu obwera ndi khasu.

Yehova atipatse chimwemwe chimene sichisiya mnzathu ali ndi misozi, ndipo aike mlonda pakamwa pathu ndi pa zala zathu. Amen.