A makaniko, gulani buku lolembamo masiku

Mu July caka catha, lole ya gulu lathu la alimi inakhala masabata atatu pa galaji ina ku Chipata. Nchito yosintha kilachi inatenga tsiku limodzi cabe. Masiku ena onse inali kungoyembekeza: poyamba a makaniko anali ndi motoka zina, kenaka sipeya inacedwa kucokera ku Lusaka. Cimanga cinakhala pabwalo, ndipo anzathu ena anagulitsa kwa ogula oyendayenda pamtengo wolira.

Nditafunsa eni galaji kuti motoka imakhala masiku angati pamalo pao, anangoti sadziwa. Sadziwa cifukwa salemba.

Kuyembekeza pamzere kuli ndi masamu ake. Mu 1909, A. K. Erlang, amene anali kugwira nchito pa kampani ya lamya ku Copenhagen m'dziko la Denmark, anayamba kuwerengera mmene anthu oimba lamya amaculukira nthawi imodzi. Mu 1961, John Little wa ku America anatsimikizira lamulo limene ligwiranso nchito pa galaji: tengani motoka zolowa pa tsiku, muculukitse ndi masiku amene imodzi imakhala, mupeza motoka zimene zili pabwalo panu.

Tinene kuti motoka 4 zimalowa tsiku lililonse ndipo iliyonse imakhala masiku 5. Pabwalo padzakhala motoka 20. Mukacepetsa masikuwo kufika pa 3, padzatsala 12, osalemba makaniko wina kapena kukuza malo. Masamuwa aonetsanso kuti ngati amakaniko onse ali otangwanika kucokera m'mawa mpaka madzulo, motoka yofa mwadzidzidzi imatalikitsa mzere kwambiri. Conco kusiya mpata pang'ono si ulesi ai.

Kompyuta siifunika. Buku la sukulu likwana. Lembani tsiku limene motoka yalowa, tsiku limene nchito yayamba, tsiku limene yaturuka, ndi cimene cinacedwetsa. Pakapita miyezi itatu mudzaona ngati masiku akutayika posowa sipeya, posowa zida, kapena poyembekeza mwini motoka kuti apeze ndalama. Mudzadziwanso masipeya oyenera kusunga pafupi.

Nafenso alimi tili ndi mlandu. Tonse timathamangira ku galaji mwezi umodzi, cimanga cili kale m'masaka. Lole ipite ku sevisi mu April tisanakolole, thirakitala mu September mvula isanagwe. Ndipo posiya motoka, pemphani a makaniko alembe tsiku inu mukuona.