Galimoto Imodzi, Mainjini Awiri

Sabata ino tipite ku America, kumene kuli mpikisano wotchedwa NASCAR. Magalimoto ooneka ngati apamsewu amathamangitsana mozungulira bwalo maulendo mazanamazana, ndipo pakutha pa chaka amawerenga mapointi.

M'chaka cha 1986 Alan Kulwicki wa ku Wisconsin, munthu wophunzira za makina, adagula katimu kosauka kamene kadakhala AK Racing. Kanali ndi galimoto imodzi, mainjini awiri ndi antchito awiri basi. Mwini timu anali iye, woyendetsa anali iye yemwe. Patapita nthawi Junior Johnson, mwini timu yolemera, adamuitana kuti azikamuyendetsera. Kulwicki adakana. Ine ndisaname, ndikadavomera tsiku lomwelo.

Mu 1992, kutatsala mipikisano 6, anali kumbuyo ndi mapointi 278. Adakwera pang'onopang'ono, mpaka pa mpikisano womaliza ku Atlanta adalimbana ndi Bill Elliott, woyendetsa wa Junior Johnson yemwe uja.

Apa mvetsetsani. Wotsogola maulendo ambiri ankapatsidwa mapointi 5 owonjezera. Kulwicki ndi anyamata ake adawerenga bwino, ndipo adachedwa dala kukathira petulo kuti akhalebe patsogolo. Iye adatsogola maulendo 103, Elliott 102. Elliott adafika woyamba tsikulo, koma chikho cha chaka chonse chidapita kwa Kulwicki, kusiyana mapointi 10 okha.

Sadachidyerere. Pa 1 Epulo 1993 adamwalira pangozi ya ndege ku Tennessee ali ndi zaka 38, ndipo timu yake, ya galimoto nambala 7, idagulidwa ndi Geoff Bodine.