Mlendo ndi mame, chitukuko chitsale ndi eni mudzi

Alendo ongodzipereka ochokera kunja akhala akugwira ntchito m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono a dziko lino kwa zaka zambiri. A bungwe la Peace Corps la ku America adayamba kufika mu 1963, dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Achinyamata a ku Japan, omwe amatumizidwa kudzera ku JICA, adayamba kufika mu 1971. Palinso a VSO a ku Britain komanso magulu a mipingo ndi ana a sukulu omwe amabwera patchuthi.

Ambiri mwa iwo agwira ntchito yotamandika. Aphunzitsa masamu ndi sayansi m'sukulu za sekondale zoyendera, athandiza m'zipatala zakumidzi, alangiza alimi. Koma akuluakulu adati mlendo ndi mame. Phindu la mlendo wongodzipereka liyenera kuyezedwa ndi zomwe zikuyendabe iye atabwerera kwawo.

Izi zidaonekera poyera mu March 2020 pomwe mliri wa Covid-19 udavuta. Bungwe la Peace Corps lidabweza anthu ake onse, oposa 7,000, kuchoka m'maiko onse omwe amagwirako ntchito, kuphatikizapo Malawi. Adanyamuka mwadzidzidzi, ntchito zili mkati. Ntchito yomwe mlendo amaiyendetsa yekha siyingapulumuke pa nthawi ngati imeneyo.

Mjigo ndi chitsanzo chabwino. Mjigo wa mtundu wa Afridev, womwe uli m'midzi yambiri, udapangidwa mwakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Timalabala take timatha ndipo timafunika kusintha nthawi ndi nthawi. Ngati palibe komiti yosonkhetsa kangachepe pamwezi, ndipo palibe yemwe adaphunzitsidwa kumasula mjigowo, kachipangizo kotchipa kamaimitsa madzi a mudzi wonse. Amayi amabwerera kudambo, ana n'kuyambanso kutsegula m'mimba, pomwe chikwangwani cholemba dzina la wothandiza chili chiimire.

N'chimodzimodzi ndi makompyuta operekedwa kusukulu yopanda ndalama yolipirira magetsi, kapena chigayo cha gulu chomwe palibe adakambirana za yemwe azisunga ndalama zake.

Vuto lina lili ndi magulu obwera kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Amafika ndi mtima wabwino, n'kuyamba kuumba njerwa, kumanga ndi kupaka penti mdadada wa sukulu. Pomwepo amisiri omanga, akalipentala ndi anyamata aganyu a pamsika ali khale, kusowa chochita. Ndalama ya tikiti ya ndege ya mlendo mmodzi ikanalipira amisiri angapo, ndipo ndalamayo ikanathera pamsika womwewo, kwa ogulitsa ufa, usipa ndi yunifolomu. Amisiriwo ndi omwenso angaitanidwe khoma likang'ambika.

Ena amati wolandira thandizo sayenera kuchulutsa mafunso, kuopa kuti alendo angakhumudwe n'kupita kwina. Nkhawayi ndi yomveka m'dera lomwe ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Koma mlendo wofuna zabwino sathawa mafunso. Amene angakhumudwe pofunsidwa kuti mjigo udzakonzedwa ndi ndani, ndiye kuti sadaganizepo za mawa la mudziwo.

Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ikuchitira umboni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Jack Allison wa Peace Corps adaphunzira Chichewa n'kuyamba kupeka nyimbo za zaumoyo. Nyimbo yake ya Ufa wa Mtedza, yolimbikitsa amayi kuthira nsinjiro m'phala la ana, idatchuka kwambiri pawailesi. Uphunguwo sudafune chipangizo chochokera kunja. Mtedza udali kale m'nkhokwe, ndipo chilankhulo chidali cha eni mudzi.

Tsono eni dera achitenji? Ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya mu 1998 idatsegula njira. M'midzi muli makomiti a chitukuko a VDC, pamwamba pake pali ADC, kenaka khonsolo. Ntchito iliyonse ya mlendo idzere m'makomitiwa, ndipo ichokere pa zomwe anthu adasankha kale kuti ndizo zofunika. Mfumu isavomere yokha pakhonde.

Mlendo aliyense apatsidwe mnzake wa m'deralo kuyambira tsiku loyamba, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi, ndipo mnzakeyo azidziwa zonse, mpaka za ndalama. Ntchito isanayambe, pakhale mgwirizano wolembedwa wonena za yemwe adzakonze zikaonongeka komanso komwe ndalama yake idzachokere. Ntchito zamanja zomwe amisiri a m'deralo angazithe zipatsidwe kwa iwo.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo. Msonkhano wa chitukuko ukaitanidwa, asamatumeko ana okha kapena kufunsa kaye ngati kuli alawansi. Banja lomwe silisonkha ya mjigo lisadabwe mjigowo ukauma.

Alendo apitirize kubwera, ndipo alandiridwe ndi manja awiri. Koma khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Mudzi womwe ukufuna madzi, sukulu ndi chigayo zokhalitsa uyenera kukhala ndi anthu akeake odziwa kuziyendetsa mlendo asanatsanzike.