Dzino likazulidwa, mawu ndiwo amatsala akusamala bala

M'makomboni a Harare monga Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Rugare, kumene kukukhala ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete, wachinyamata wozulitsa chitsakano chomaliza amabwerera kunyumba ali ndi thonje m'kamwa, mlomo uli dzanzi, malangizo a dokotala atawamva mwa theka. Amene amamulandira ndi kumusamala nthawi zambiri ndi amayi kapena agogo, ndipo ambiri mwa agogowo amaganiza ndi kupemphera m'Chichewa. Malangizo aja akanenedwa m'Chingerezi kapena m'Chishona kwa munthu amene akumva ululu, safika bwino kwa wosamalayo. Chifukwa chake malangizo a pambuyo pozula dzino ayenera kulembedwa m'Chichewa chomveka, ndipo mawu ake asankhidwe mosamala monga momwe mankhwala amasankhidwira.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo anayi omaliza, amene Azungu amati mano a nzeru, amamera kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25. Nsagwada ikachepa malo, dzino lotere limamera chopendekera kapena kukanirira m'nkhama, zakudya n'kumaunjikana pamenepo mpaka nkhama itatupa. Pamenepo dokotala amalizula, nthawi zina mochita kung'amba nkhama ndi kusoka. Pamalo pamene panali dzino pamatsala dzenje, ndipo magazi amaundana m'dzenjemo. Magazi oundanawo ndiwo chivundikiro cha fupa, ndiwonso maziko a mnofu watsopano.

Ngozi yoyamba imachokera apa. Kwathu magazi akuda a pabala amaonedwa ngati uve woyenera kuchotsedwa. Agogo achikondi amauza mdzukulu wawo kuti, "Lavula, mwana wanga, magazi oipawo atuluke," ndipo amamupatsa madzi kuti achukuche. Chivundikiro chija chikachoka fupa limakhala poyera, ndipo patapita masiku awiri kapena anayi ululu umabwera woposa wa tsiku loyamba, wofika mpaka kukhutu, m'kamwa mukununkha. Madokotala amautcha vutoli dry socket. Limagwira kwambiri mano a m'munsi, ndiponso anthu osuta fodya.

Womasulira wofulumira angalembe kuti "dzenje louma". Koma munthu womva kuti bala lake lauma amaganiza kuti lapola, kapena kuti likufuna madzi, ndipo zonse ziwirizi n'zosokeretsa. Mawu abwino ndi onena chimene chachitika: bala lavundukuka. Wosamala wodwala akamva zimenezi amadziwa msanga kuti pali chivundikiro choyenera kutetezedwa. N'chimodzimodzinso ndi liwu la Chingerezi lakuti rinse. Likamasuliridwa kuti "kuchukucha" limalamula ntchito yamphamvu, yogwedeza madzi ndi masaya. Chichewa chili ndi liwu loyenera, "kuvumata": kusunga madzi m'kamwa mofatsa, kenako kuwerama kuti atuluke okha. Ngakhale "dzino la nzeru" ndi dzina lobwereka lomwe siliuza munthu kumene dzinolo lili, pamene "chitsakano chomaliza" chimaloza malo enieni.

Malangizo enieniwo ndi ochepa. Wodwala alume thonje kwa mphindi pafupifupi 30 kuti magazi aleke. Maola 24 oyamba asachukuche, asalavule mwamphamvu, asamwe zotentha kwambiri kapena mowa. Asasute fodya, ndipo maheu kapena zakumwa zina asayamwe ndi kapaipi, chifukwa kuyamwako kumakoka chivundikiro chija. Adye phala lozizirirapo, nthochi kapena mbatata yophwanya, ndipo nyama, chimanga chokazinga ndi mtedza azidikire. Tsiku lachiwiri ayambe kuvumata madzi ofunda amchere akatha kudya. Ululu auchepetse ndi paracetamol kapena ibuprofen monga adokotala anenera. Aspirin imachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo ikaikidwa pankhama imawotcha mnofu. Wodwala shuga kapena womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi anene zimenezi dzino lisanazulidwe.

Ku Harare lamulo la madzi amchere likufuna mawu owonjezera. M'makomboni ambiri mipopi imakhala youma masiku angapo, ndipo mabanja amatunga pa mijigo ndi pa zitsime. Anthu a ku Glen View ndi Budiriro sanaiwale kolera ya mu 2018. Pepala lomasuliridwa kuchokera ku malangizo a ku London lingoti "madzi ofunda". Pepala lolembedwera Mufakose liyenera kunena kuti madziwo awire kaye, kenako azizirepo.

Wosamala wodwala ayeneranso kudziwa kusiyanitsa zoyembekezeka ndi zoopsa. Tsaya limatupa ndipo kutupako kumafika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kukamwa kumavuta kuyasamula, ndipo zonsezi zimachepa zokha. Dzanzi la mlomo, chibwano kapena lilime likapitirira tsiku lotsatira, dokotala adziwitsidwe, chifukwa mtsempha wodutsa pafupi ndi mizu ya dzinolo ukhoza kukhala kuti wakhudzidwa. Kawirikawiri umachira, koma uyenera kuonedwa. Magazi osaleka, kutentha thupi, mafinya, kapena kutupa kotsikira kukhosi sizodikira m'mawa. Matenda a m'dzino akafalikira pansi pa lilime amatha kutseka njira ya mpweya, vuto limene dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, analifotokoza mu 1836. Munthu amene akulephera kumeza malovu kapena kupuma apite naye nthawi yomweyo ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, ngakhale pakati pa usiku.

Ena anganene kuti vuto lenileni ndi ndalama, popeza kuzulitsa dzino kumafuna madola amene mabanja ambiri alibe, ndiponso kuti achinyamata a m'makomboniwa amalankhula Chishona kuposa Chichewa. Zonsezi n'zoona. Koma banja losauka ndilo silingakwanitse kulipira kawiri chifukwa cha bala lovundukuka, ndipo pepala limodzi lomasuliridwa bwino ndi lotsika mtengo kuposa ulendo wachiwiri wa pa kombi. Komanso wowerenga pepalalo si wodwala yekha. Ndi agogo amene amaphika phala ndi kugamula ngati kutupako kuli kwa mchere kapena kwa chipatala.

Lamulo lilipo kale. Gawo 6 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 limatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo limalamula boma kuganizira chinenero cha anthu amene uthenga wake ukuwakhudza. Chotsala ndi ntchito. Odziwa chinenero akhale pansi ndi madokotala a mano, agwirizane pa mawu, ndipo awayese pa agogo enieniwo asanasindikize. Mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, mabungwe a maliro ndi wailesi ya National FM, imene imaulutsa m'Chichewa, ndi njira zokonzeka zofalitsira uthengawu. Agogo akamva kuti magazi akuda aja ndi chivundikiro, adzaleka okha kuuza mdzukulu wawo kuti alavule.