Sukulu imatsegula ndalama za zokolola zitatha kale

Chaka cha maphunziro kuno ku Mozambique chimayamba kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, nthawi imeneyi ndi yowawa, koma amadziwa tsiku lomwe ndalama ilowe. Mlimi wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde alibe tsiku lotero. Ndalama za fodya, soya ndi nyemba zimabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo zotsala zimathera ku mbewu ndi feteleza mvula ikamayamba. Pofika Januwale chimanga chili m'munda chosakhwima, m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Ndi m'masabata omwewa m'mene mwana amafuna yunifolomu, makope, zolembera, chikwama ndi nsapato.

Wina afunsa kuti, kodi si paja sukulu ndi yaulere? Pa malamulo ndi choncho ndithu. Ndalama zolembetsera ana ku pulayimale zinachotsedwa kuyambira chaka cha maphunziro cha 2005. Lamulo nambala 18/2018 linanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9, ndipo m'sukulu za boma matirikula mpaka kalasi imeneyo salipiritsa. Mabuku a pulayimale amagawidwa ulere. Palinso ndalama ya Apoio Directo às Escolas, yomwe ambiri amangoti ADE, imene boma limatumiza kusukulu kuti igulire choko, mapepala ndi kuthandizira ana osowa. Zonsezi zinapeputsa katundu wa makolo, ndipo amene anaphunzira kale zisanabwere angachitire umboni.

Koma ndalama zina sizinachoke, zinangosintha dzina. M'sukulu zambiri makolo amauzidwa kusonkha ya mlonda, ya njerwa, ya malata kapena ya chimbudzi. Zosowazo ndi zoona, palibe amene angakane kuti kalasi ya pansi pa mtengo imafunika denga. Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukunena kuti zopereka zotere ndi zakufuna kwa munthu, ndipo mwana sayenera kukanizidwa kulembetsa chifukwa cha izo. Vuto ndi lakuti zimapemphedwa patebulo lomwelo la matirikula, tsiku lomwelo, ndipo mayi amene wayenda mtunda ndi mwana wake sangayambe kutsutsana ndi aphunzitsi pamaso pa anthu. Amalipira, kapena amabwerera kunyumba mwakachetechete. Malo ofunsira zimenezi alipo: Conselho de Escola, momwe muli oimira makolo ndi mudzi. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti ADE inafika ingati, inagula chiyani, ndi kuti zosonkha za chaka chatha zinapita kuti.

Mtolo waukulu masiku ano uli pa kalasi 7. Kale kalasi imeneyi inali ya pulayimale, ndipo ana ambiri ankaiphunzira pafupi ndi kwawo. Kuyambira 2023 pulayimale imathera pa kalasi 6, ndipo kalasi 7 inalowa m'gawo la sekondale. Boma lasandutsa sukulu zina za pulayimale kukhala escola básica, zophunzitsa kuyambira kalasi 1 mpaka 9, ndipo kumene zimenezi zachitika makolo apumako. Kumene sizinafike, mwana wa zaka 12 kapena 13 ayenera kupita kutali chaka chimodzi msanga kuposa akulu ake. Ndiye kuti njinga, kapena chipinda cha lendi ku Ulóngwè, ku Dómwè kapena ku Furancungo, ufa wa mwezi uliwonse, ndiwo, makala, sopo. Mabuku a sekondale nawo ndi ogula kapena ojambulitsa. Matirikula ndi yaulere, inde, koma lendi amafuna mwezi ndi mwezi, ngakhale miyezi ya njala.

Apa m'pamene banja limayamba kusankha pakati pa ana ake. Ngati ndalama ikukwanira mmodzi, kawirikawiri amapita ndi mnyamata. Makolo ena sachita izi chifukwa chonyoza mwana wamkazi, amaopa kusiya mtsikana wamng'ono yekha m'chipinda cha lendi kutauni, komwe ufa ukatha pamapezeka amuna ofuna "kumuthandiza". Mantha amenewa ndi omveka. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma lamulo silitumiza ufa kwa mtsikana amene wautha pakati pa mwezi.

Pali mtengo wina umene sulembedwa paliponse: wolera ana aang'ono. M'matauni muli ma centro infantil olipira, kumidzi ma escolinha ndi apa ndi apo. Nthawi yopalira ndi yothyola fodya mayi amakhala kumunda kuyambira m'mawa, ndipo khanda likakula kosabelekeka tsiku lonse limasiyidwa kwa agogo. Agogo akakhala kulibe kapena nawonso ali ndi khasu, limasiyidwa kwa mchemwali wake wa zaka 8 kapena 10. Banjalo silinatulutse metikali imodzi, koma lalipira ndi masiku a sukulu a mtsikanayo, ndipo masikuwo ndi a kumayambiriro kwa chaka, pamene anzake akuyala maziko. Kafukufuku amene anachitika m'chigawo cha Gaza pa ma escolinha a kumidzi omwe anatsegulidwa ndi bungwe la Save the Children anapeza kuti phindu silinali kwa ana aang'ono okha. Akulu awo ankapita kusukulu kwambiri, ndipo amayi ankapeza mpata wogwira ntchito. Mudzi ukamakambirana zomanga escolinha ndi kusonkhera olera ana, nkhaniyo ikukhudza ana awiri pakhomo lililonse.

Nanga ndalama ya Januwale imachokera kuti? Ena amagulitsa mbuzi kapena nkhuku, ndipo ogula amadziwa kuti mwiniwake wapanikizika. Ena amasiya munda wawo n'kukagwira ganyu m'munda mwa wina, udzu n'kumakula kwawo. Amwayi amalandira kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuchokera kwa m'bale wa ku Tete, ku Beira kapena ku Joni. Njira yopweteka kwambiri ndi katapila, ndi mnzake uja wolandira ndalama lero n'kulonjeza matumba a chimanga kapena soya pokolola. Pamenepo mlimi amagulitsa mbewu yake pa mtengo wotsikitsitsa isanakhwime n'komwe, ndipo chaka chamawa amafika Januwale ali wosauka kuposa chaka chino. Alimi a kachewere ku Tsangano ndi a madimba a kabichi ndi tomato ali bwinoko, chifukwa amakolola kangapo pachaka.

Tsidya la malire zinthu zimayenda mosiyana. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndalama za zokolola zikadalipo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa, pamodzi ndi kufupika kwa mtunda, zomwe mabanja ena a m'mbali mwa msewu wa Dedza ndi Ntcheu amatumizira ana kumeneko. Koma mwana wophunzira m'Chingerezi akadzafuna kupitiriza kapena kupeza ntchito kuno amakumana ndi Chipwitikizi. Ndipo amene amagulitsa mbewu zake ku Lizulu n'kulandira makwacha amadziwa zomwe zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse: yunifolomu ya pa metikali inamukwerera tsiku limodzi.

Kusuntha kalendala ya dziko lonse chifukwa cha maboma a m'malire n'kovuta kuyembekezera. Zomwe zingasunthe ndi masiku olipirira. Palibe chimene chikuletsa Conselho de Escola kugwirizana kuti zosonkha za mlonda ndi zomangira zizitoleredwa mu Juni kapena Julayi, ngakhale ndi ndowa ya chimanga, m'malo mozimangirira ku matirikula. Magulu a poupança ndi a xitique amasankha okha tsiku logawana. Ambiri amagawana mu Disembala, ndalama n'kukumana ndi feteleza ndi Khirisimasi, ndipo gulu lomwe lingapatule thumba la sukulu lotsegula pakati pa Januwale lingapulumutse mamembala ake ku katapila. Nsalu ya yunifolomu ndi makope siziwola, zingagulidwe tsiku lolandira ndalama ya fodya, telala asanadzaze ntchito. Kwa akuluakulu a maphunziro m'maboma athu, funso lomwe makolo akuyenera kupita nalo kumisonkhano ndi limodzi: ndi sukulu ziti za pulayimale zomwe zikhale ndi kalasi 7 mpaka 9 chaka chamawa, ndipo mndandanda wake utuluka liti, kuti banja lidziwe nthawi yokolola ngati liyenera kusunga ndalama ya lendi kapena ayi.