Zitsamba zimatonthoza nyamakazi ya m'manja, koma sizichiza

Mwezi wa June ukangolowa, azakhali anga a ku Nathenje sachita kuuzidwa. Kukacha zala zimakhala zitauma gwa, chala chachikulu chikubaya patsinde, moti kumanga chitenje kapena kutong'ola chimanga imakhala nkhondo. Chaka chatha adagulitsa nkhuku zitatu kuti agule botolo la zitsamba kwa mkulu wina woyenda ndi chimkuzamawu pamsika, yemwe adalumbira kuti pakutha pa sabata ziwiri nyamakazi idzakhala mbiri yakale. Botolo lidatha, nkhuku zidapita, koma nyamakazi ikadalipo.

Sindikunyoza zitsamba ayi. Chomwe chikundiwawa n'chakuti makolo athu akunamizidwa.

Nyamakazi ya mtundu uwu, yomwe achipatala amati osteoarthritis, imabwera pamene kanyama koterera kokuta nsonga za mafupa kaperepeseka. Ndi kaja timatafuna kumapeto kwa fupa la nkhuku. Kakatha, mafupa amakhulana, mfundo za zala n'kumatupa timabuluzi tolimba. Bungwe la WHO lidati mu 2019 anthu 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo mwa anthu 100 alionse odwala, 60 anali amayi. Si ufiti choncho. Ukalamba, mtundu wa kubanja, kuvulala kwakale komanso ntchito zobwerezabwereza monga kusoka fodya ndi kusenda mtedza zimathandizira. Mpaka lero palibe mankhwala, kaya a ku chipatala kaya a m'tchire, obwezeretsa kanyamaka. Yense wolonjeza kuchiziratu akungofuna ndalama zanu.

Komabe ululu umachepetseka, ndipo zambiri zothandiza zili m'nyumba mwathu momwe. Kuviika manja m'madzi ofunda m'mawa kumafewetsa zala. Madziwo ayambe awayesa wina, makamaka ngati wodwalayo ali ndi shuga, poti ena samva kutentha msanga. Manja akadali ofunda, fumbatani ndi kutambasula pang'onopang'ono, kenako gunditsani chala chachikulu kunsonga ya chala chilichonse. Mpini wa mpeni kapena mthiko ukulungeni nsalu kuti unenepe, dzanja lisamafinye kwambiri.

Nanga jinja ndi tameriki? Kafukufuku waonetsa kuti zimachepetsako ululu pang'ono kwa ena, ngakhale wambiri adachitika pa mawondo osati pa manja. Kuthira jinja mu tiyi sikulakwa. Koma amene akumwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin afunse kaye adokotala asanayambe kumwa wambirimbiri.

Tsabola naye ali ndi mphamvu yogonetsa ululu, ndipo alipo mafuta opaka opangidwa kuchokera kwa iye. Koma mu 2019 bungwe la akatswiri a nyamakazi ku America, la American College of Rheumatology, lidawavomereza pa bondo n'kulangiza kuti asamapakidwe m'manja, poopa kuti munthu angadzitikite m'maso. Ndiye taganizirani kambuzi wosinja mu mtondo, gogo n'kunyamula mdzukulu ndi manja omwewo!

Choopsa kwambiri ndi mabotolo ndi maufa osalembedwa zomwe zili m'kati. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza anthu za Artri King, yemwe ankagulitsidwa ngati mankhwala achilengedwe a nyamakazi, chonsecho m'kati adabisamo diclofenac ndi dexamethasone. Ululu umathadi msanga, koma pakapita miyezi nkhope imafufuma, shuga ndi BP zimakwera, zilonda za m'mimba n'kuyamba. Ngati zidachitika kumeneko, ife tingazitetezeke bwanji pamsika wa Mitundu? Bungwe la PMRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kuti liziyang'anira mankhwala m'dziko muno, lifike m'misika ya kumidzi n'kumayeza zomwe anthu akumwetsedwa.

Kutemera mphini pa mfundo zotupa nakonso tisiye. Lezala limangotsegulira majeremusi khomo. Ndipo tisaganize kuti mapiritsi a m'golosale ndi maswiti: brufen kapena indocid wa tsiku ndi tsiku amaononga m'mimba ndi impso za okalamba. Mankhwala opaka ngati diclofenac wa mafuta ndiye abwinoko pa manja, koma alembe ndi achipatala.

Chinanso, si nyamakazi yonse imene ili ya ukalamba. Ngati zala zikuuma kupitirira ola lathunthu m'mawa, zikutupa mofewa, zikutentha manja onse awiri, kapena munthu akumva malungo, thamangirani ku chipatala cha Likuni, cha Mitundu kapena cha Nathenje. Ukhoza kukhala mtundu wina umene umapinda zala ukachedwa kugwidwa, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Kamuzu Central. Mukamapita, nyamulani botolo lililonse lomwe wodwala akumwa, musabise. Safunsa adadya phula.

Pomaliza, mawu kwa ife ana ndi adzukulu. Manja amenewa ndiwo adatilimira, kutichapira ndi kutiphikira. Azakhali anga tsopano amaviika manja m'mawa uliwonse, ndipo chimanga akutong'ola ndi adzukulu. Ululu sudathe, koma wachepa, ndipo nkhuku zayambanso kuswana.