Kodi Kukhala ndi Mphamvu Wasanduka Mlandu?

Chaka ndi chaka, tiyi akachepa m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, nzimbe zikatha kudulidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, fodya akapita ku okushoni, antchito miyandamiyanda amauzidwa kuti akayambe apuma kwawo. Ambiri mwa iwo ndi alimi anzathu a minda ing'onoing'ono, amene amapita ku esiteti kukasaka ya feteleza. Ife tikufunsa boma: munthu ameneyu akagogode khomo liti?

Dziko lino lilibe thumba lothandiza munthu amene ntchito yamuthera. Zimene zilipo nzoti ukaziwerenga bwino, zikuoneka ngati anazilemba dala kuti wantchito wa kumunda asakwanemo.

Taonani Mtukula Pakhomo. Pamene ndondomekoyi inkayamba ku Mchinji mu 2006, inasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo inangotenga banja limodzi pa mabanja 10 alionse. Sitikutsutsa kuthandiza agogo olera ana amasiye; nkoyenera ndithu. Koma bambo wa zaka 35 amene wabwera chimanjamanja kuchokera ku esiteti amakanidwa chifukwa choti manja ake ndi olimba. Mphamvu ali nazo, inde, koma akazigulitse kwa yani mwezi wa Ogasiti, ganyu atasowa m'mudzi monse? Ana ake sadya mphamvu.

Ndalama za chipukutamisozi zimene lamulo la Employment Act la 2000 limanena zimafuna kuti munthu akhale atagwira chaka chathunthu. Lamulolo limalola kuphatikiza nyengo zimene wagwira kwa bwana mmodzi motsatizana, koma ndani amasunga kaundula wake? Bwana yemweyo. Komanso chisinthireni lamuloli mu 2010, ndalamazi zimaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, osati amene kontrakiti yake yangotha ndi nyengo. Penshoni yokakamiza itabwera mu 2011, antchito a nyengo ndi matenanti anasiyidwanso panja.

Asatiuze kuti nzosatheka. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito m'mafamu, kuli thumba la UIF. Wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana naye amaikapo 1 peresenti, ndipo wogwira maola 24 kapena kuposerapo pamwezi amayenera kulembetsedwa. Kuyambira mu 2003 antchito a nyengo nawo analowamo. Nakonso kuli zokhoma: wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira, ndipo popanda fomu ya UI-19 yochokera kwa bwana zinthu zimavuta. Apa mpamene tiyenera kutolapo phunziro, kuti umboni wa ntchito usamakhale m'kabati ya wolemba ntchito yekha.

Aphungu athu anathetsa utenanti mu 2021 nkunena kuti aliyense wa pa esiteti azilandira malipiro. Chabwino. Tsono amalizitse ntchitoyo. Tikufuna thumba losonkherana wantchito ndi bwana, loyang'aniridwa ndi boma, lowerengera masiku amene munthu wagwira osati zaka. Aliyense azipatsidwa khadi lake la ntchito losainidwa mwezi ndi mwezi, ndipo kutha kwa nyengo kuzitengedwa ngati kutha kwa ntchito. Enafe timalemba aganyu nthawi yokolola, ndipo gawo lathu tidzasonkha. Nkhaniyi tikaitule kwa aphungu a m'madera athu Nyumba ya Malamulo isanakambirane bajeti ikudzayi.